CHULE WA PEPALA NDI ZOMWE ANGAPHUNZITSE ANA A PA SUKULU YATHU



Poyamba ndithokoze komiti pondipatsa mpata woti ndiyankhule pa msonkhano wathu wa chaka chino. Kalata yomwe a Mlembi ananditumizira inati ndikambe za momwe ife ophunzira akale tingathandizire ana a pano pa maphunziro a masamu ndi sayansi. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mutangomva mutu umenewu mwagwira kale m'thumba, poganiza kuti mathero ake ndi mbale ya chopereka. Khazikani mitima pansi. Nkhani ya ndalama ili m'manja mwa a Msungichuma, ndipo aibweretsa okha nthawi yake ikakwana. Ine ndabwera ndi chule.

Pa mpando uliwonse mwapezapo kapepala kolimbirako, kotalika masentimita 10, m'lifupi masentimita 6. Musakataye, musalembepo nambala za foni, ndipo musakasandutse chotokosera m'mano. Tikagwiritsa ntchito posachedwapa. Koma tisanayambe, ndiloleni ndifotokoze komwe luso limeneli linachokera, chifukwa si bwino kudya nsima ya eni osafunsa yemwe anaphika.

Luso lopinda pepala n'kukhala chifanizo cha nyama, mbalame kapena duwa limadziwika pa dziko lonse ndi dzina la Chijapani loti origami. Dzinali ndi mau awiri olumikizidwa: oru, kutanthauza kupinda, ndi kami, kutanthauza pepala. Pepala lenilenilo linayambira ku China. Mbiri ya kumeneko imatchula nduna ina ya ku nyumba ya mfumu, Cai Lun, yomwe m'chaka cha 105 inapereka kwa mfumu njira yopangira pepala kuchokera ku makungwa a mitengo, sanza ndi maukonde akutha. Lusoli linadzera ku Korea n'kufika ku Japan cha m'zaka za m'ma 600. Poti pepala linali lodula, poyamba Ajapani ankalipinda pa miyambo ya chipembedzo ndi pokulunga mphatso za ulemu. Litatsika mtengo, anthu wamba nawonso anayamba kulipinda pongosangalala. M'chaka cha 1797 kunasindikizidwa buku lotchedwa Hiden Senbazuru Orikata, lomwe limaonetsa njira 49 zopindira mbalame ya khosi ndi miyendo italiitali yomwe iwo amaitcha tsuru, zingapo zolumikizana pa pepala limodzi. Limeneli ndi buku lakale koposa lodziwika pa nkhani ya kupinda pepala pongosewera.

Chule ali ndi malo akeake pakati pa Ajapani. M'chiyankhulo chawo chule amamutcha kaeru, ndipo mau amenewa amamveka chimodzimodzi ndi mau awo otanthauza kubwerera. N'chifukwa chake ena amasunga kachifanizo ka chule m'chikwama cha ndalama kuti ndalama yomwe yatuluka ibwerere, ndipo ena amapatsa waulendo kuti akabwereko bwino. A Msungichuma, ndikuona kuti mwatchera khutu. Ine chomwe chinandikoka pa tanthauzo limeneli n'chakuti bungwe ngati lathuli ntchito yake ndi yomweyo, kubwerera komwe tinachokera.

Kupinda pepala kunalowa m'kalasi kudzera mwa mphunzitsi wa ku Germany, Friedrich Fröbel, yemwe m'chaka cha 1840 anapereka dzina loti Kindergarten ku sukulu yake ya ana aang'ono. Iye ankakhulupirira kuti mwana amamva msanga chinthu chomwe wachigwira ndi manja, ndipo kupinda pepala kunali imodzi mwa ntchito zomwe ankapatsa ana. Ku India, T. Sundara Row anasindikiza ku Madras m'chaka cha 1893 buku lotchedwa Geometric Exercises in Paper Folding, loonetsa kuti zambiri zomwe timachita ndi rula ndi kampasi zikhoza kuchitika ndi pepala ndi zala basi. Ku Japan komweko, munthu yemwe anakweza lusoli kufika pomwe lili ndi Akira Yoshizawa, wobadwa mu 1911. Ali mnyamata ankagwira ntchito m'fakitale ku Tokyo, komwe anapatsidwa udindo wophunzitsa anyamata atsopano jometiri, ndipo ankawaphunzitsa popinda mapepala. Mu 1937 anasiya ntchitoyo kuti adzipereke pa origami, ndipo anakhala zaka zambiri mu umphawi akugulitsa ndiwo zophikaphika khomo ndi khomo. Iyeyu ndi amene anakhazikitsa zizindikiro za mizere ndi mivi zomwe mabuku a origami amagwiritsa ntchito, kotero kuti munthu wosadziwa Chijapani amatha kutsatira buku la ku Japan pongoyang'ana zojambula. Mu 1983 dziko lake linamupatsa mendulo ya ulemu ya Order of the Rising Sun, ndipo anamwalira mu 2005, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 94.

Tsopano tengani kapepala kanu. Omwe mudzawerenge mau ano m'kalata ya bungwe, dulani kanu pa chikuto cha kope lakutha kapena pa kalendala ya chaka chatha, mutsatire nafe. Eni lusoli ali ndi mipindo iwiri yokha. Ukapinda pepala moti mzere wake walowa pansi ngati ngalande, umenewo amati mpindo wa chigwa. Ukapinda moti mzere wake watumphuka ngati mzere wa m'munda, amati mpindo wa phiri. Zonse zomwe tichite pano ndi zigwa ndi mapiri.

Choyamba, goneka kapepalako pa tebulo kapena pa bondo, mbali zifupizifupi imodzi ikhale kumwamba ina kumunsi. Tengani ngodya ya kumwamba ya ku dzanja lamanja, muipindire kumanzere mpaka mphepete ya kumwamba igone ndendende pa mphepete ya kumanzere. Tsinderani mzerewo ndi chikhadabo, kenaka tambasulani. Chitani chimodzimodzi ndi ngodya ya kumwamba ya kumanzere, kuipindira kumanja, n'kutambasulanso. Mukuona kuti kumtunda kwa pepala kwatuluka chizindikiro cha X.

Chachiwiri, tembenuzani pepala, mbali yomwe inali pansi ikhale pamwamba. Pindirani mphepete ya kumwamba pansi, kuti mzere wopingasa udutse pakatikati pa X, pomwe mizere iwiri ija yakumana. Tsinderani, tambasulani, ndipo tembenuzaninso pepala libwerere momwe linalili.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amakakamira, dinani pang'ono pakati pa X ndi chala. Muona mbali ziwiri, ya kumanja ndi ya kumanzere, zikudzuka zokha. Zikankhireni m'kati kuti zikumane, ndipo mphepete ya kumwamba itsika yokha n'kudzagona pamwamba pake. Tsinderani. Tsopano muli ndi kanthu kooneka ngati nyumba, denga la ngodya zitatu pamwamba ndi khoma pansi pake. Nsonga ya dengalo ndiye mphuno ya chule. Ngati zakana, musalimbane nazo ndi mphamvu. Kawirikawiri vuto limakhala loti mzere wopingasa uja munaupinda osatembenuza pepala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachinayi, dengalo lili ndi ngodya ziwiri za m'munsi zomwe zikutukuka. Pindirani iliyonse m'mwamba cha ku mphuno, koma nsonga zake zitulukireko kunja pang'ono. Imeneyo ndi miyendo ya kutsogolo. Chachisanu, pindirani mphepete ya kumanja ndi ya kumanzere m'kati kuti zikumane pakati, zikudutsa kunsi kwa miyendo ija. Thupi lomwe linali masentimita 6 m'lifupi tsopano latsala masentimita 3. Chachisanu ndi chimodzi, tengani mphepete ya pansi, muipindire m'mwamba mpaka ifike pa mphuno, ndipo tsinderani kwambiri. Chomaliza, gawo lomwe mwangolikwezalo lipindeni pakati kubwerera pansi, kuti mukaliyang'ana cham'mbali lioneke ngati chilembo cha Z. Tembenuzani, muimike pa tebulo. Ikani chala kumapeto kwa msana, dinani pang'ono, ndipo lolani chalacho chiterereke chakumbuyo.

Ndikuona kuti wa a Wapampando wafika kale pansi pa tebulo, ndipo kumbuyo uko wina wagwera chagada. Wogwa chagadayo mwamudina mopitirira muyeso kapena mwadina pakati pa msana m'malo mwa kumapeto. Yemwe wangokwawa osadumpha, mipindo iwiri yomaliza ija mwaitsindira mpaka kufooka, kapena pepala lake ndi lofewa.

Amayi ndi abambo, taseka mokwanira. Tsopano tambasulani chule wanuyo abwerere kukhala pepala, tione zomwe talemba popanda pensulo. Mpindo woyamba uja unagawa ngodya ya madigiri 90 pakati, n'kutipatsa ziwiri za madigiri 45. Mizere iwiri ya X ikukumana pa madigiri 90 ndipo ikudulana pakatikati, zomwe tinkaloweza ngati nyimbo pokonzekera mayeso koma ambiri a ife tisanazionepo ndi maso. Sikweya ya masentimita 6 mbali zonse ili ndi malo okwana masikweya sentimita 36, ndipo X waigawa m'zigawo zinayi zofanana za 9 chilichonse. Mwana akhoza kutsimikiza zimenezi posanjikiza chigawo china pa chinzake, osadikira kuti aphunzitsi amuuze.

Palinso china chozama. Yang'anani pakati pa X, muwerenge mizere yomwe ikuchokera pamenepo. Ilipo 6: zigwa 4 ndi mapiri 2. Kusiyana kwake ndi 2. Mjapani wina, Jun Maekawa, amadziwika ndi lamulo loti paliponse pomwe mizere yakumana m'kati mwa pepala lomwe lapindika n'kugona fulati, chiwerengero cha mapiri ndi cha zigwa chimasiyana ndi 2 nthawi zonse. Mnzake, Toshikazu Kawasaki, amadziwika ndi lamulo lina la ngodya zozungulira malo omwewo. Zathu pano, tikamazungulira kuyambira pamwamba, ndi 90, 45, 45, 90, 45, 45. Phatikizani yoyamba, yachitatu ndi yachisanu, mupeza 180. Phatikizani zitatu zotsalazo, mupezanso 180. Malamulo amenewa amaphunziridwa m'mayunivesite, koma mwana wa Fomu 1 akhoza kuwayesa yekha pa kapepala komwe watola pa bwalo.

Nanga chule ameneyu akudumpha bwanji, poti alibe mnofu kapena batire? Mukadina Z uja, ulusi wa m'pepala umapindika mokakamizidwa ndipo umasunga mphamvu ya chala chanu, monga momwe mphira ya legeni imasungira mphamvu ya mkono ukaikoka. Chala chikatereka, mphamvu yonse yomwe inalowa pang'onopang'ono imatuluka kamodzi. Chule weniweni wa m'dambo amachitanso zofanana. Mu 2012 akatswiri awiri a pa Brown University ku America, Henry Astley ndi Thomas Roberts, anaonetsa kuti chule asanadumphe, mnofu wa mwendo wake umayamba wakoka mtsempha wa pa kakolo, mtsemphawo n'kusunga mphamvu, kenaka n'kuitulutsa kamodzi. Choncho m'kanthu kamodzi kameneka muli phunziro la Physics ndi la Biology. Mphunzitsi akhoza kugawa ana m'magulu, gulu lina lipinde chule wa pepala la m'kope, lina wa chikuto, lina wamkulu, lina wamng'ono. Aliyense adumphitse wake kakhumi, ayeze ndi rula, alembe, apeze avereji, ajambule girafu. Kumeneko ndiye kuchita sayansi: kusintha chinthu chimodzi, zina zonse kuzisiya momwe zilili, n'kuona chomwe chichitike.

Ndikudziwa kuti pali ena muno omwe mumtima akuti, ife tabwera kudzakamba za labotale, uyu akutiseweretsa zidole. Funso limeneli ndi loyenera ndipo ndiliyankha. Kuyambira kale Agiriki anayesetsa kugawa ngodya iliyonse patatu mofanana pogwiritsa ntchito rula ndi kampasi zokha, koma analephera, mpaka mu 1837 Mfalansa Pierre Wantzel anatsimikiza kuti n'zosatheka. Mu 1936 mayi wina wa ku Italy, katswiri wa masamu Margherita Beloch, anaonetsa kuti kupinda pepala kumatha masamu a mtundu umenewu omwe rula ndi kampasi sizingawathe. Injiniya wa ku Japan, Koryo Miura, anapeza kapindidwe kotheketsa chinthu chachikulu chafulati kutambasuka ndi kupindikanso pongokoka ngodya ziwiri, ndipo mu 1995 kapindidwe kameneka kanayesedwa m'mlengalenga pa setilaiti ya Japan yotchedwa Space Flyer Unit. Robert Lang wa ku America, yemwe anagwirapo ntchito ku NASA, anathandiza pa masamu a kapindidwe ka matumba a mpweya omwe amateteza anthu pa ngozi ya galimoto. Ndipo atsikana athu amve ichi: anthu ankanena kuti pepala silingapindidwe pakati koposa kasanu ndi kawiri, koma mu 2002 mtsikana wa ku sekondale ku California, Britney Gallivan, anayamba wawerengera kutalika kwa pepala lofunika, n'kupeza lotalika kuposa kilomita imodzi, ndipo analipinda ka 12. Pindani pepala lochindikala gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, mpindo uliwonse kuchindikala kumawirikiza kawiri. Zikanatheka kulipinda ka 42, likanapitirira mtunda wa makilomita 384,400 wochoka pano kukafika ku mwezi. Mwana yemwe waziwerengera yekha zimenezi sadzaiwalanso tanthauzo la ma indices.

Sindikunena kuti chule alowe m'malo mwa labotale. Labotale ikufunika, ndipo tipitirize kusonkha. Koma tonse tikudziwa kuti ndalama imabwera mwa apo ndi apo, pomwe mwana yemwe ali Fomu 2 chaka chino sangaime kudikira kuti thumba lathu lidzaze. Pakutha pa zaka ziwiri adzakhala atalemba MSCE, kaya zipangizo zafika kaya sizinafike. Ambiri mwa ana amenewa anagamula kale mumtima kuti masamu ndi a anthu ena, ndipo mwana akagamula choncho amatseka yekha khomo la unamwino, udokotala, uinjiniya ndi ntchito zina zambiri asanaligogode n'komwe. M'mera mpoyamba.

Maganizo amenewa si achilendo kwathu kuno. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, ana anachuluka m'makalasi kuposa mabuku ndi zipangizo, ndipo ambiri a msinkhu wanga tinaziona ndi maso. Aphunzitsi athu ali ndi mau oti TALULAR, omwe amatanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pomwe uli, monga zitsekerero za mabotolo, timitengo, mbewu ndi makatoni. Ifenso tili ana tinkapanga magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chokhota, tinkaumba ng'ombe zadongo, tinkamanga mpira wa chikulunga. Manja a mwana wa kuno sanayambe akhalapo aulesi. Chomwe chimasowa ndi munthu womuuza kuti zomwe manja ake akuchitazo ndi zomwezo zili m'buku. Komanso Japan si dziko lachilendo m'sukulu zathu, poti kuyambira mu 1971 lakhala likutumiza kuno achinyamata ongodzipereka, ena mwa iwo aphunzitsi a masamu ndi sayansi.

Tsono, a Wapampando, ndikupempha msonkhano uno kuti uganizire zinthu zitatu. Choyamba, tonse ogwira ntchito m'maofesi tisonkhe mapepala olembedwa mbali imodzi, makalendala akale ndi zikuto zakutha. Pepala limodzi la A4, lomwe ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, limatulutsa timapepala 8 ta muyeso womwe tagwiritsa ntchito lerowu. Kalasi ya ana 80 ikufuna mapepala 10 okha. Kwa anzanga a m'boma ndi a m'makampani ndichenjeze kuti pepala lililonse lokhala ndi dzina la munthu, malipiro ake kapena nkhani ya m'failo lisatuluke mu ofesi, ndipo ngakhale lopanda chinsinsi muyambe mwapempha kwa akuluakulu anu. Tisafune kuthandiza sukulu n'kudzipezera mlandu.

Chachiwiri, tipemphe a Mphunzitsi Wamkulu kuti atipatse Loweruka limodzi pa teremu, mamembala anayi kapena asanu azibwera kudzakhala ndi ana kwa maola awiri. Tisabwere ngati oyendera sukulu kapena odzaonetsa magalimoto. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi ndi omwe akudziwa silabasi ndi pomwe ana akuvutika, choncho iwo atitsogolere, ife tikhale manja owonjezera. Tingayambe ndi chule, ulendo wina namwino wa pakati pathu adzawaphunzitsa kuwerenga kugunda kwa mtima, wina wa zomangamanga adzawaonetsa kuyeza kutalika kwa mtengo pogwiritsa ntchito mthunzi wake.

Chachitatu, a Mlembi atsegule kaundula lero lomwe, tisanapite kukadya, kuti omwe akudzipereka alembe maina ndi teremu yomwe adzabwere. Tikangovomera ndi m'manja n'kubalalika, tidzakumana chaka chamawa tikufunsana kuti nkhani ija inathera pati. Omwe muli kutali, kaya ku Johannesburg kaya ku London, ndipo mudzawerenga izi m'kalata ya bungwe, gawo lanu likhoza kukhala marula, makampasi ndi mapepala a girafu, zomwe a Msungichuma adzakuuzani njira yotumizira.

Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Loweruka limodzi pa teremu likuoneka laling'ono, koma pa chaka ndi masiku atatu, ndipo mwana yemwe walowa Fomu 1 adzakhala atakumana nafe ka 12 asanalembe mayeso ake omaliza. Pa maulendo 12 amenewo adzaona ndi maso kuti anthu omwe anakhala pa desiki yomwe iye akukhalapo, kudya nyemba zomwe iye akudya, lero ndi anamwino, aphunzitsi, mainjiniya ndi alimi odziwa ntchito yawo.

Chule yemwe mwamutambasula uja mumupindenso mukafika kunyumba, mizere yake ilipo kale ndipo ikutsogolerani. Mukaphunzitse mwana wanu kapena mdzukulu, kuti tsiku lomwe mudzaime pamaso pa ana a pano manja adzakhale atazolowera.

 Mulungu adalitse sukulu yathu ndi bungwe lathu.